Mbiri ya Nyimbo ya "This Land Is Your Land" ndi Woipeka Wake, Woody Guthrie

Nyimbo ya "This Land Is Your Land" ndi imodzi mwa nyimbo zodziwika kwambiri m'dziko la America. Ana amaiphunzira kusukulu ngati nyimbo yotamanda dziko lao, koma amene anaipeka, a Woody Guthrie, anali ndi colinga cina: kufunsa ngati anthu osauka ali ndi gawo m'dzikolo.

A Guthrie anabadwa pa 14 July, 1912, m'tauni ya Okemah, m'cigawo ca Oklahoma. M'zaka za m'ma 1930, cilala ndi mphepo zamphamvu za fumbi zinaononga minda m'cigawoco ndi m'madera oyandikana naco. Mabanja ambiri a alimi anasiya malo ao n'kupita ku California kukafuna nchito m'mafamu a zipatso, kumene anali kulandira malipiro ocepa ndi kugona m'misasa. A Guthrie anayenda nao limodzi, ndipo mu 1937 anayamba kuimba za mabvuto ao pa wailesi ya KFVD mu mzinda wa Los Angeles.

Pa nthawiyo mawailesi anali kuulutsa kawirikawiri nyimbo ya a Irving Berlin yochedwa "God Bless America", yoimbidwa ndi mai Kate Smith. A Guthrie anaona kuti nyimboyo sinali kukamba za njala ndi ulova zimene iwo anakumana nazo pa maulendo ao. Motero pa 23 February, 1940, ali m'hotela ya Hanover House ku New York, analemba nyimbo yao moyankha. Maimbidwe ake amafanana ndi a nyimbo ina ya gulu la Carter Family.

Ndime zodziwika za nyimboyi zimachula nkhalango, zigwa, minda ya tirigu ndi nyanja za dzikolo. Koma pa pepala loyamba panali ndime zina ziwiri. Ina imakamba za cikwangwani coletsa anthu kulowa pa malo a mwini wake. Inayo imakamba za anthu anjala amene ali pa mzere pa ofesi yopereka cithandizo, pafupi ndi chalichi.

A Guthrie anajambula nyimboyi mu 1944 m'situdiyo ya a Moses Asch. Pamene inatuluka pa lekodi ya kampani ya Folkways mu 1951, ndime ziwirizo munalibe, ndipo mabuku ambiri a nyimbo a m'masukulu anatsatira zomwezo.

A Guthrie anamwalira pa 3 October, 1967, ku New York, ali ndi zaka 55. Anadwala kwa zaka zambiri matenda a Huntington, amene amaononga ubongo ndipo munthu amacita kutengera kwa makolo. Matendawa ndi amenenso anapha amai ao. Oimba monga a Bob Dylan anaphunzira zambiri kucokera ku nyimbo zao.

Pa 18 January, 2009, masiku awiri a Barack Obama asanalumbiritsidwe kukhala mtsogoleri wa dziko, a Pete Seeger ndi a Bruce Springsteen anaimba nyimboyi pa Lincoln Memorial ku Washington pamodzi ndi ndime zosiyidwa zija.

Komabe ena mwa Amwenye a ku America, amene ndi eni nthaka, amaidandaula nyimboyi. Iwo amanena kuti siichula kuti dziko limene ikukambalo linalandidwa kwa makolo ao.