Nsungwi Padenga: Mbiri ya Kutchera Mawu Akutali M'mapiri a Chezi

Munthu wochokera ku Lilongwe pamsewu wopita ku Salima amafika pa Chezi asanatsetsereke ku Mvera. Akamwaza maso amaona mapiri a Dowa ataundana, ndipo chakumpoto mapiriwo amapitirira mpaka ku Ntchisi. Akayang'anitsitsa amaonanso nsungwi zazitali zitazikidwa pafupi ndi nyumba zina, pamwamba pake pali timawaya kapena tizitsulo. Nsungwi zimenezi zili ndi mbiri. Mapiri amene amatipatsa mvula ndi nthaka yabwino ndi omwewonso amatitsekera mawu ochokera kutali, ndipo mbadwo uliwonse wa kuno wakhala ukulimbana nawo.

Ndinaikumbuka mbiriyi tsiku lina mdzukulu wanga atabwera ndi laputopu, nkhope ili gwa. Anamulola kugwiritsa ntchito intaneti ya pa ofesi ina tsidya la dambo, koma akafika pakhonde la kwathu makinawo sankagwira kanthu, chonsecho mayeso anali pafupi. Ine ndinamwetulira, pakuti vuto lakelo linali lomwe lija linkasowetsa tulo bambo anga.

Tiyambe ndi kutali. Pa 12 Disembala 1901, Mtaliyana wina dzina lake Guglielmo Marconi anali ku St John's, ku Newfoundland, kudikira chizindikiro chochokera ku Poldhu, m'dziko la England, mtunda woposa makilomita 3,000. Pofuna kuti waya wake ufike m'mwamba, anaumangirira ku kaiti ndi kuiulutsa m'mphepo. Pambuyo pake analengeza kuti tsiku limenelo anamva timawu titatu ta chilembo cha S titaoloka nyanja. Phunziro lake linali lakuti khutu la makina liyenera kukwezedwa.

Kwathu kuno wailesi inafala pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ku Lusaka kunali nyumba youlutsira mawu ya Central African Broadcasting Station, imene inkalankhula kwa Aafirika a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zinenero zawo, kuphatikizapo Chinyanja. Koma anthu wamba analibe mawailesi. Harry Franklin, mkulu woona zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, anakambirana ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain, ndipo mu 1949 kunatuluka wailesi yotchedwa Saucepan Special chifukwa thupi lake linali looneka ngati poto. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire logula padera.

Bambo anga ankasimba kuti wailesi yotereyi inafika m'mudzi mwathu ndi mtchona wina wochokera ku Salisbury. Payokha inkangofwenthera. Amuna anadula nsungwi yaitali, nakunga waya kuchokera pansongapo kukafika pamtengo wa mango, ndipo waya wina anaukwirira pansi nkumathirirapo madzi. Madzulo mudzi wonse unkakhala pabwalo kumvera nkhani za m'maiko ndi nyimbo za Alick Nkhata. Dziko litalandira ufulu mu 1964 kunabadwa Malawi Broadcasting Corporation, ndipo mawailesi a Nzeru opangidwa ku Blantyre analowa m'nyumba zambiri. Pamene ndinkayamba uphunzitsi, nanenso ndinkakunga waya pazenera la kalasi kuti ana amve bwino maphunziro a pawailesi.

Pano pali funso loyenera kuti wophunzira aliganizire. Zinatheka bwanji kuti makolo athu azimva Lusaka, mtunda woposa makilomita 600, pamene mdzukulu wawo akulephera kugwira mawu ochokera tsidya la dambo? Yankho lagona pa mtundu wa mafunde. Mafunde amene Lusaka inkagwiritsa ntchito amakwera kumwamba, nakagunda mpweya wa kutali mlengalenga, nkubwerera pansi, motero amadumpha mapiri. Koma mafunde a FM, a kanema, a foni ndi a Wi-Fi amayenda molunjika ngati kuwala kwa nyali. Phiri likaima pakati, ulendo wathera pomwepo.

Nchifukwa chake nsungwi inabwereranso pamene Television Malawi inayamba kuulutsa zithunzi mu 1999. Pamadenga panaoneka ma eriyo ofanana ndi minga ya nsomba. Mtundu umenewu anaupanga Shintaro Uda ndi Hidetsugu Yagi ku Japan mu 1926, ndipo nzeru yake ndi yakuti umamva mbali imodzi yokha, kumene waloza. Mwana mmodzi ankazunguza nsungwi panja, anzake m'nyumba akukuwa kuti, "Basi, pomwepo!" Mafoni a m'manja nawo, amene anabwera ndi TNM mu 1995 ndi Celtel mu 1999, atafika kumidzi anatiphunzitsa kukwera pachulu pofuna kuyankhula ndi abale a ku Joni.

Laputopu ndi mwana wa banja lomweli. Eriyo yake ndi kawaya kakang'ono kobisika m'chivundikiro, ndipo kamamvera mbali zonse mofooka. Kamathandiza m'chipinda kapena pabwalo, koma makoma, malata ndi masamba onyowa zimakalanda mphamvu. Mankhwala ake ndi akale aja: kweza khutu ndipo uliloze. Pali kachipangizo kolowetsa pabowo la USB kamene kali ndi eriyo yochotseka. Munthu akachotsa eriyo yaing'onoyo ndi kuikapo yoloza mbali imodzi, makina amamva patali. Eriyoyo siwonjezera mphamvu ayi. Imangosonkhanitsa imene ilipo, monga momwe nkhalamba imaikira chikhatho kukhutu.

Mafunde ambiri a Wi-Fi ndi otalika pafupifupi masentimita 12, choncho ngakhale chitini chingathe kukhala eriyo. Ine ndi mdzukulu wanga tinapeza chitini cha pakamwa pa masentimita 9, tinachiboola m'mbali chakumatako, ndi kulowetsamo kawaya ka mkuwa ka masentimita atatu kolumikiza ku kachipangizo kaja. Poti nthambo ya eriyo ikatalika imataya mphamvu m'njira, tinakweza kachipangizoko pansungwi titakakuta ndi pulasitiki, nkutsitsa nthambo ya USB, imene siyenera kupitirira mamita asanu. Tinazunguza pang'onopang'ono mpaka chitini chinayang'anizana ndi zenera la ofesi ija. Mnyamatayo anakuwa mawu omwe aja a mu 1999.

Akatswiri nawo amatsata njira yomweyi. Mu 2007 Ermanno Pietrosemoli analumikiza makompyuta pa Wi-Fi pakati pa mapiri awiri a ku Venezuela otalikirana makilomita 382, poonetsetsa kuti ma eriyo awiriwo akuonana. Kuno kwathu, mu 2013, akatswiri a ku Chancellor College motsogozedwa ndi Dr Chomora Mikeka, pamodzi ndi bungwe la MACRA, anayesa kutumiza intaneti pa mafunde a kanema amene sankagwira ntchito, ndipo sukulu ya atsikana ya St Mary's ku Zomba inali pakati pa malo olumikizidwa. Apa tikuona kuti phiri lingathe kusanduka bwenzi: ukaika eriyo pamwamba pake, limalandira mawu ndi kuwapatsira phiri linzake. Pajatu tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Komabe walira mvula walira matope. Nsungwi yaitali yokhala ndi waya imaitana mphenzi, ndipo m'mapiri muno mphenzi si nthano. Mitambo ikayamba kuda, nthambo zonse zizulidwe m'makina. Chachiwiri, kutha kumva netiweki ya mnzako si chilolezo choilowa. Wolowa mosapempha ali ngati wothyola chimanga m'munda wa eni chifukwa choti mpanda ndi waufupi.

Kuyambira pa kaiti ya Marconi kufika pa chitini cha mdzukulu wanga papita zaka zoposa 120, makina asintha kangapo, koma nzeru yake ndi imodzi. Lero mabuku, mafomu a kuyunivesite ndi zotsatira za mayeso zikudzera pa intaneti, ndipo mwana wa ku Chezi amene sangaigwire amayamba mpikisano ali kumbuyo kwa mnzake wa mumzinda. Ndi udindo wa boma ndi makampani kuwonjezera milongoti kumidzi. Koma podikira zimenezo, wophunzira asapinde manja. Makolo ake, amene ambiri sanapite patali ndi sukulu, anamva Lusaka ndi waya ndi nsungwi. Iye waphunzira sayansi m'kalasi, ndipo nsungwi zikadali m'dambo.