Za Makobiri a Ciboo

Anthu akamakweza mizere ya fodya m'madera a ku Kasungu, khasu limafukula zambiri: mapale, zitsulo zadzimbiri, ndipo nthawi zina kobiri lakuda la ciboo pakati. Ena amati liri la ku China, ndi kuti lingagule ng'ombe. Tisanakangane za mtengo wace, tiyeni tiyang'ane ciboo comweco.

Cikakhala cozungulira, kobirilo ndi lathu lomwe. Makobiri otere anayamba kusulidwira Southern Rhodesia m'caka ca 1934, ndipo anayendanso m'Nyasaland muno. A masiku a Citaganya anaturuka kuyambira 1955, ndipo pa kobiri limodzi pali njobvu ziwiri. Okalamba athu akuwadziwa bwino, popeza anagulira mcere.

Koma la ku China ciboo cace ciri ndi ngondya zinai. Silinasindikizidwe ndi makina ai. Mkuwa anausungunula nautsanulira m'cikombole. Kumaso kwace kulibe nkhope ya mfumu, koma zilembo zinai, zimene kawirikawiri aziwerenga motere: ca pamwamba, ca pansi, ca kudzanja lamanja, ca kulamanzere. Ziwiri zoyamba zichula dzina la nyengo ya ufumu, ndipo pamenepo odziwa azindikira zaka zace. Kumbuyo kukakhala zilembo zina zopotanapotana, za mtundu wa Manchu, tidziwa kuti ndi la mafumu a Qing, amene analamulira kuyambira 1644 kufikira 1912. Ciboo cija cinali ca cingwe, pakuti anawatunga ngati mikanda, cikwi cimodzi pa cingwe cimodzi.

Tsono apa mpamene ambiri anyengeka, poyesa kuti cinthu cokalamba ciri cokwera mtengo. Mafumu a Song, a zaka za 960 kufikira 1279, anasungunula makobiri osawerengeka, kotero kuti lina la zaka 900 ligulidwa lero ndi ndarama zocepa ndithu. A mfumu Qianlong, wa 1736 kufikira 1795, ndiwo ocuruka ngati mcenga. Ndiponso alipo amisiri opanga onyenga, nawadetsa dala kuti aoneke akale. Munthu wakudza pamudzi ndi kobiri lotere, nanena za cuma cambiri, timcenjere.

Nanga bwanji anthu ophunzira akondwera nao comweci? Cifukwa ca malo amene apezeka. M'caka ca 1945 mlimi wina wa ku Kajengwa, pa cisumbu ca Zanzibar, anafukula mulu wa makobiri a ku China. Amene anawerengedwa anali 176, ambiri a Song. Mu 2013, pa cisumbu ca Manda ku Kenya, ofukula zakale anapeza limodzi la mfumu Yongle, amene anamwalira mu 1424, ndiye anatuma zombo zazikuru za Zheng He, zimene zinafika ku magombe a Africa. Kobiri limodzi lomwelo, pamsika silingagule mbuzi, koma liri mboni yakuti malonda a pa nyanja yamcere anayamba Apwitikizi asanaoneke konse.

Tisayese kuti malondawo anathera kugombe. Pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, pamene panali mudzi wa Kalonga, Yusuf Juwayeyi anafukula mapale a mbale za ku China pamodzi ndi mikanda yagalasi. Makolo athu anapereka minyanga ya njobvu, nalandira za kutali. Ngakhale Mwase wa ku Kasungu, kufikira anagonjetsedwa ndi Angerezi mu 1895, anacita malonda ndi a ulendo ocokera kwa Jumbe ku Nkhotakota.

Cifukwa cace wopeza kobiri la ngondya zinai asalikwece ndi phulusa kapena mcenga, pakuti kukweca kufafaniza zilembo, ndipo dzimbiri lobiriwira lija ndilo lithandiza kusiyanitsa leni-leni ndi lonyenga. Aike cizindikiro pamalo pamene analitola, asunge mapale ndi mikanda zimene zinali nalo pamodzi, nauze mfumu ya mudzi, kuti mau afike kwa a Boma osunga zinthu zakale.