Mbiri ya Kalusha Bwalya, katswiri wa mpira wa miyendo

A Kalusha Bwalya ndi mmodzi mwa osewera mpira oyambirira a dziko la Zambia amene anachuka m'matimu akuluakulu a kunja. Iwo anabadwa pa 16 August 1963 m'tauni ya Mufulira, m'cigawo ca Migodi.

Anayamba kusewera m'timu ya Mufulira Blackpool, kenako analowa Mufulira Wanderers. M'caka ca 1985 anapita ku Belgium kukasewera m'timu ya Cercle Brugge, kumene anadziwika msanga cifukwa ca mphamvu ya mwendo wawo wamanzere.

Dzina lawo linamveka padziko lonse m'caka ca 1988 pa masewera a Olympics ku South Korea. Zambia inagonjetsa Italy ndi zigoli 4 kwa 0, ndipo zitatu mwa zigolizo anagoletsa ndi a Bwalya. Caka comweco magazini ya France Football inawasankha kukhala katswiri wa mpira mu Africa.

Mu 1989 timu ya PSV Eindhoven ya ku Netherlands inawagula. Kumeneko anasewera pamodzi ndi Romario wa ku Brazil, ndipo anatenga cikho ca ligi kawiri, mu 1991 ndi 1992, pansi pa mphunzitsi Bobby Robson.

Kukhala kunja ndiko kunapulumutsa moyo wawo. Usiku wa pa 27 April 1993, ndeke ya asilikali imene inanyamula timu ya dziko paulendo wa ku Senegal inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon. Anthu onse 30 anafa, kuphatikizapo osewera 18. A Bwalya sanali m'ndekeyo cifukwa anayenera kukumana ndi anzawo ku Dakar kucokera ku Netherlands.

Pambuyo pa maliro, iwo anatsogolera timu yatsopano monga kaputeni. Timuyo inalephera pang'ono kupita ku mpikisano wa World Cup itagonja 1 kwa 0 ku Morocco, koma mu 1994 inafika mu ndime yomaliza ya cikho ca Africa ku Tunisia, kumene Nigeria inapambana 2 kwa 1.

Caka comweco a Bwalya anasamukira ku Mexico, m'timu ya Club América, imene bwalo lake linali Estadio Azteca. Anakhala kumeneko mpaka 1997, ndipo pambuyo pake anasewerako m'matimu ena a m'dzikolo monga Necaxa, León ndi Veracruz. Pa cikho ca Africa ca 1996 ku South Africa, anagoletsa zigoli 5, kuposa wosewera wina aliyense, ndipo Zambia inakhala yacitatu.

Atabwerera kumudzi, anakhala mphunzitsi wa timu ya dziko kuyambira 2003. Mu September 2004, ali ndi zaka 41, analowa okha m'bwalo pa masewera ndi Liberia ndi kugoletsa cigoli cimene cinapambanitsa Zambia 1 kwa 0. Anatula pansi udindowu mu 2006 timu itatuluka m'ndime yoyamba ya cikho ca Africa ku Egypt.

Mu 2008 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa bungwe loyendetsa mpira la FAZ. Ali paudindowu, timu ya Chipolopolo inatenga cikho ca Africa pa 12 February 2012, itagonjetsa Ivory Coast 8 kwa 7 pa mapenate. Masewerawa anacitikira mumzinda wa Libreville, pafupi ndi pamene anzawo anafera zaka 19 m'mbuyomo.

Mu 2016 anagonja pa cisankho ca FAZ kwa a Andrew Kamanga. Mu August 2018 bungwe la FIFA linawaletsa kugwira nchito za mpira kwa zaka ziwiri, litawapeza ndi mlandu wolandira ndalama kucokera kwa a Mohammed bin Hammam a ku Qatar. Iwo anakana mlanduwo ndi kucita apilo, ndipo mu January 2019 cilangoco cinacepetsedwa n'kuthera pomwepo.

Okonda mpira m'dziko muno amawachula kuti Great Kalu, dzina limene analilandira akali kusewera.