Land Rover inabadwira ku Solihull, inakulira pansi pa mango

Mwezi wathawu ndili pa Lirangwe kudikira matumba anga a nandolo, panaima Land Cruiser ya azungu awiri, bambo ndi mayi, yokhala ndi nambala yakunja. Padenga pali tenti yopinda, pambali mpope wokokera mpweya wofika pamwamba kuti injini isamwe madzi powoloka mtsinje, kumbuyo zigubu, fosholo ndi matayala awiri a sipeya. Anthu anaizungulira ngati kwabwera kanema. Chapafupi pomwepo panali kapikapu kamene kamatitengera katundu kuchokera ku Chingale, dalaivala ali chagada pansi pake akumanga sipulingi ndi malegeni. Palibe anakayang'ana. Koma abale, galimoto ziwiri zonsezi zinali zosinthidwa kuti zilimbane ndi msewu woipa. Kusiyana kwake n'kwakuti ina imadutsa msewuwo kamodzi pa moyo n'kukajambulitsa, inayo imaudutsa m'mawa ndi madzulo, chilimwe ndi dzinja.

Msewu wodutsa pa Lirangwe ndi wakale kuposa galimoto. Mtsinje wa Shire uli ndi mathithi pakati pa Chikwawa ndi Matope, monga Kapichira, Mpatamanga, Tedzani ndi Nkula, choncho sitima zapamadzi sizinkatha kudutsa. M'chaka cha 1875 amishoni a Livingstonia atabwera ndi sitima ya Ilala, anachita kuimasula zidutswazidutswa, anthu mazanamazana n'kuisenza pamutu kulambalala mathithiwo, kenaka n'kuilumikizanso kumtunda. Kampani ya African Lakes, imene tonse timaidziwa kuti Mandala, itayamba mu 1878, katundu wake ankatsitsidwa kwa Katunga, kukwera phiri kufika ku Blantyre, n'kutsikiranso ku Matope kudzera chigawo chathu chino cha Lunzu ndi Lirangwe. Onyamula anali amtengatenga, aliyense mtolo wa makilogalamu pafupifupi 25. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908 ndipo mu 1935 inapitirira mpaka ku Salima, n'chifukwa chake pa Lirangwe pali siteshoni. Koma sitima siipatuka. Wa kwa Kunthembwe kapena wa ku Chingale anatsalabe ndi mutu wake ndi njinga.

Azungu oyamba kudutsa Africa yense pa galimoto, kuchokera ku Cape Town mpaka ku Cairo, anali gulu la Major Court Treatt ndi mkazi wake Stella. Ananyamuka mu September 1924 ndi galimoto ziwiri za Crossley, n'kukafika mu January 1926. Miyezi 16! Mvula inawatsekera ku Rhodesia, ndipo m'mitsinje yambiri galimotozo zinawoloka chifukwa anthu a m'midzi anazikoka ndi zingwe. Maina a okwera alipo m'mabuku. Okokawo amangotchedwa gulu.

Galimoto imene inasintha zinthu kuno ndi Land Rover. Inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam pa 30 April 1948, ndipo inkapangidwa ku Solihull ku England. Nkhondo yachiwiri itangotha chitsulo chinali chosowa, ndiye anaipangira thupi la aluminiyamu pamwamba pa chesesi yachitsulo. Akuluakulu amakumbukira kuti a DC, apolisi, ansembe, achipatala ndi alangizi onse ankayendera imeneyi. Agogo anga ankati ukangomva kulira kwake kumudzi, umadzifunsa kaye ngati msonkho unakhoma. Msewu wakale wa ku Mwanza, usanabwere wa tala wodzera pa Zalewa, unkadutsa ku Chileka n'kukawoloka Shire pa Mpatamanga. Amene anauyendapo nthawi ya mvula akudziwa chifukwa chake boma silinkatumizako galimoto wamba.

Boma ndi mishoni zikatopa nazo, galimotozi zinkagulitsidwa pa okushoni. Apa ndi pamene mbiri yathu ifeyo ikuyambira, ndipo ndi mbali imene sinalembedwe kwenikweni. Ine ndinaiona ndi maso chifukwa amalume anga anali makaniko ku Chileka, galaja yawo ili pansi pa mtengo wa mango, unyolo wokwezera injini uli lende panthambi.

Choyamba ankayamba ndi masipulingi. Land Rover yakale, ngakhalenso Hilux, Peugeot 404 ndi 504 za pikapu, kumbuyo zimakhala ndi sipulingi ya zitsulo zazitali zosanjikizana. Amalume ankawonjezera chitsulo chimodzi kapena ziwiri zochotsa ku galimoto ina yakufa, n'kuika bawuti yapakati yaitali, kenaka n'kukulunga zonse ndi malegeni a chubu kuti mchenga usalowe komanso chimodzi chikathyoka chisasololoke panjira. Galimoto imakwera m'mwamba pang'ono, mimba yake n'kusiya kukhula miyala. Kumbuyo ankawotcherera mapaipi kuti pakhale pomangirira madengu ndi pogwira anthu oimirira. Koma thupi la aluminiyamu silimva moto wa owotcherera wamba, limangosungunuka, ndiye likang'ambika ankaikapo chigamba n'kukhomera marivete ngati akukonza ndowa.

Chachikulu chinali injini. Ya petulo ija inkamwa ngati yatumidwa, ndiye petulo atayamba kukwera mtengo ambiri anaizula n'kuikamo ya dizilo ya Toyota kapena Nissan. Musaganize kuti n'kungotulutsa ina n'kulowetsa ina ayi. Mabowo a injini ya ku Japan sakumana ndi a giyabokosi ya ku England. Pamafunika mbale yachitsulo yapakati, yoyezedwa bwino n'kukabooletsa kwa a makina m'tauni, miyendo yokhalira injini n'kuwotcherera yatsopano, mapaipi a ladiyeta n'kusintha. Amalume ankayeza ndi katoni ya sopo ndi pensulo. Munthu amene sukulu analekezera Sitandade 6, eti.

Tsiku limodzi sindidzaliiwala. Munali mu 1999, mwezi wa February, ndili kamtsikana, tikuchokera kumaliro kupitirira pa Chikuli. Galimoto inatitimira m'matope, amalume n'kuponda moto, tinangomva "phwaa" kumbuyo. Shafiti ya tayala lakumbuyo inali itathyoka, matenda odziwika a Land Rover zakale. Azimayi anayamba kale kutsitsa mitolo kuti tigona pompo. Iwo anangoti, "Iwe mwana, tandigwirira tochiyu, usagwedeze." Anasolola shafiti, anamasula chitsulo chachitali chopititsa mphamvu ku difu yakumbuyo, n'kuchiponya m'bodi. Galimoto zimenezi zili ndi timagiya tiwiri tapadera, ka mutu wachikasu ndi ka mutu wofiira. Ukadina kachikasu, matayala akutsogolo nawo amayamba kukoka, kofiira n'kamphamvu pokwera chitunda kapena m'matope. Anadina kachikasu, amuna anakankha, tinafika ku Chileka usiku galimoto ikukokedwa ndi matayala akutsogolo okha.

Nzeru zina zinali zongofikira kunyumba. Thanki ikabooka, sopo wa mtanda wofewetsa ndi malovu amatseka. Ladiyeta ikamadontha, ena ankathiramo dzira laliwisi, ena kaufa pang'ono. Pampu ya petulo ikafa, chigubu chinkakwera padenga, kapaipi n'kutsikira ku kabuleta. Tayala likaphulika chubu palibe, udzu unkalowa m'malo mwa mpweya. Vuto lake n'lakuti ambiri akafika kunyumba ankaiwala kuti anangobwereka, dzira lija n'kukhala momwemo mpaka injini kuwira.

Pamenepa ndinene chilungamo, chifukwa ndikangoyamikira ndinama. Kuwonjezera masipulingi kumanamiza maso. Galimoto yopangidwira tani imodzi imaoneka yowongoka itasenza matani awiri, koma mabuleki ndi omwe aja, maberingi ndi omwe aja, chesesi ndi yomwe ija. Kulemera kukakwera m'mwamba, anthu atakhala pamwamba pa matumba, pa kona imagudubuka mosavuta. Tonse a geni tili ndi mnzathu amene tinamuika m'manda chifukwa cha matola. Amalume ankakana kuwonjezera zitsulo zopitirira ziwiri, makasitomala ena n'kuwathawa kupita kwa wovomera zinayi. Komanso sitinkakwera matola chifukwa chokonda fumbi. Kale mabasi a UTM ankafika m'misewu yambiri yafumbi. Kampaniyo inagulidwa ndi Stagecoach mu 1989, kenaka inadzakhala Shire Bus Lines, imene inagwa m'zaka za m'ma 2000. Basi itasiya kubwera, amene anatsala ndi tomato wathu anali wa pikapu.

A Toyota nawo sanagone. Land Cruiser inayamba m'zaka za m'ma 1950, Hilux mu 1968, ndipo mtundu wa Land Cruiser 70 umene unatuluka mu 1984 ndi womwe timauona lero ngati ambulansi komanso ndi mabungwe. Inalanda malo chifukwa siithyokathyoka, ngakhale amalume mpaka imfa yawo ankati Toyota ikafa yafa, pamene Land Rover imadwala tsiku ndi tsiku koma siifa. Ku Solihull anasiya kupanga Defender yakale ija mu January 2016.

Lero pa siteji pali zina. Zadzaza ndi Sienta ndi Probox zakale zochokera ku Japan, zopangidwira tala wa ku Tokyo, ndipo anyamata akuzichita zomwe zija: kuika masipulingi olimba, kuika timphira tokwezera, kusintha matayala. Koma izi zilibe chesesi yapayokha, thupi lomwelo ndiye mafupa ake, likapindika basi yatha. Injini yake imalamulidwa ndi kompyuta, ikazima pakati pa Lirangwe ndi Chingale sipanala ndi waya sizithandiza, mpaka abwere wa makina oyezera kuchokera ku Blantyre, tomato akuphikika padzuwa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, masipeya anakwera moti ambiri timangodalira akale a mu msika wa Ndirande, ndipo mtengo wonyamulira thumba unakwera nawo. Msewu wa Lirangwe, Chingale mpaka Machinga, wa makilomita pafupifupi 60, atsogoleri akhala akuulonjeza chilonjezere, miyala ya maziko kuikidwa, koma mvula ikagwa wa pikapu amayamba wafunsa anzake ngati kukudutsika. Namondwe Freddy atawononga mu March 2023, m'madera ambiri zimene zinkafika ndi Land Cruiser zakale ndi njinga zamoto za kabaza.

Azungu aja anagula nthochi, anajambula njanji, n'kulowera cha ku Zalewa. Wa pikapu anatuluka pansi, anapukuta manja pa buluku n'kundiuza kuti, "Mayi, matumba anu awiri ndasiya, mawa. Sipulingi imeneyi sindikuikhulupirira." Ndinadandaula pakamwa pokha.

Land Rover ya amalume inakhala zaka zambiri pansi pa mango paja iwo atamwalira, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala. Chesesi inadyeka ndi dzimbiri mpaka kuthyoka pakati, koma thupi silinachite kanthu. Azakhali anadzaligulitsa kwa anyamata osungunula aluminiyamu, aja amaumba miphika. Pa ndalamayo anawauza kuti awabwezereko miphika iwiri. Umodzi uli kwa ine, ndi umene ndimaphikira nyemba.