Citsulo Cinamvera, Koma Zambezi Anakana

Pamene mlatho wa njanji unali kumangidwa kunsi kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya m'zaka za 1904 ndi 1905, mzinda wa Livingstone unali kungobadwa kumene. Azungu anali kucoka ku Old Drift, m'mphepete mwa mtsinje, kumene malungo anawapulula, nakwera ku mtunda wa mcenga pamene pali mzinda lero. Zitsulo za mlathowo zinasulidwa kutali ku Darlington, m'dziko la England, zinabwera pa madzi kufikira ku Beira, ndipo kucokera komweko zinakwera sitima ya pamtunda. Amene anajambula mlathowo ndiye George Hobson, ndipo Ralph Freeman anawerengera kulemera kumene citsulo ciri conse cidzasenza.

Amisiri anayamba kumanga tsidya lino ndi tsidya lija nthawi imodzi, mbali iri yonse italendewera pamwamba pa cigwembe cakuya mapazi oposa 400, yogwidwa ndi zingwe zacitsulo. Madzulo a pa 31 March 1905 mbali ziwirizo zinafikana pakati, koma zinapitirirana ndi inchi imodzi ndi kacigawo. Munthu wosadziwa akadati nchito yaonongeka. Amisiri sanadule kanthu, cifukwa anadziwa kuti citsulo cimatalika cikatenthedwa ndi dzuwa, nicifupika cikazizidwa. Anangodikira usiku. M'mamawa pa 1 April zitsulo zinali zitabwerera ndi cisanu, ndipo zinalowana bwino-bwino. Mlathowo unatsegulidwa pa 12 September caka comweco ndi George Darwin, mwana wa Charles Darwin, amenenso nchito yace yaikulu inali kuwerengeratu nthawi imene nyanja yamcere idzasefukira ndi kuphwera pa madooko.

Kulosera kotere sikucokera m'maula. Citsulo cinayesedwa kambiri-mbiri pa moto ndi pa cisanu, ndipo sicisintha khalidwe lace. Cimene cinacita dzulo ku England cidzacitanso mawa ku Livingstone. Za mtsinje umene mlathowo unadumpha ndi zina.

Anthu a mfumu Mukuni, amene akhala pafupi ndi mathithi kuyambira kale, anadziwa kuti Zambezi sadzala ndi mvula ya kwao. Madzi ace amagwa kutali ku Mwinilunga ndi ku Angola, nacedwa masabata ambiri m'cigwa ca Barotse, kotero kuti mathithi amafika pa ukali wace ca m'ma April, mvula ya ku Livingstone iri kutha. Alozi naonso amapenya kukwera kwa madziwo, ndipo Litunga ndiye amachula tsiku la Kuomboka, losamukira ku Limulunga kucokera ku Lealui. Kuyambira caka ca 1907 kukwera kwa mtsinje kunayamba kulembedwa m'mabuku pafupi ndi mathithi. Ndi mabuku otere nkwapafupi kucenjeza anthu a kunsi kwa mtsinje, pakuti madzi amene apita pa Livingstone lero sangabwerere. Adzawapeza ndithu patapita masiku. Cobvuta ndi funso lina: kodi cigumula cacikulu koposa cimene mtsinjewu ungabweretse ncotani?

Funso limeneli linafunika yankho pamene Boma la Federation linayamba kumanga khoma la Kariba m'caka ca 1955. Akatswiri anatenga mabuku aja, a zaka zosakwana 50, nawerengera kukula kwa zipata zotayira madzi, ndipo anati zinai zidzakwanira. Akulu-akulu a Atonga a m'cigwa ca Gwembe, amene anauzidwa kuti asiye minda ndi manda a makolo ao, ananena mosabisa kuti Nyaminyami, mwini mtsinje, sadzalola. M'caka ca 1957 kunadza cigumula cimene cinamiza malo ogwirira nchito. Akatswiri anati cotere cimabwera kamodzi pa zaka zambiri-mbiri, ndipo ambiri anamva ngati kuti tsopano apumula. Komatu mau akuti "kamodzi pa zaka zambiri" sanena kuti mtsinje udzadikira zakazo zithe. Caka ciri conse ciri ndi mwai wace. M'mwezi wa March 1958 kunadza cina cacikulu koposa, cimene cinakokolola milatho ya pa Kariba ndi kudzaza mpanda umene unachinga madzi kuti amisiri amange pouma.

Nkulakwa kuseka mbali imodzi yokha pa nkhani imeneyi. Atonga ananena zoona kuti mtsinje uli ndi mphamvu yoposa imene inalembedwa, pakuti cikumbukiro ca makolo ao cinali cacitali kuposa mabuku a ku Livingstone. Koma khoma silinagwe. Mtsinje unatsekedwa mu December 1958, ndipo anthu ngati 57,000 anasamutsidwa tsidya lino ndi lija. Akatswiri naonso anagonjera cimene anaona: anaonjezera zipata kucokera pa zinai kufika pa zisanu ndi cimodzi.

Zaka zotsatira zinaonetsa kuti Zambezi amadabwitsanso pakucepa. M'zaka za 1995 ndi 1996 madzi opita pa mathithi anacepa koposa zaka zonse zolembedwa kufikira nthawiyo. Bungwe la Zambezi River Authority, limene Zambia ndi Zimbabwe anakhazikitsa mu 1987, limagawira maiko awiriwa madzi opangira magetsi caka ciri conse, ndipo pogawapo limadalira miyeso ya mtsinje pamodzi ndi mau a akatswiri a zanyengo, amene masiku ano amapenya kutentha kwa nyanja ya Pacific. Mu 2023 akatswiriwo anacenjeza kuti El Niño afika ndipo mvula idzacepa. Zinaterodi: cimanga cinapserera m'minda ya ku Southern Province, ndipo pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko liri pa tsoka la cilala. Pofika kumapeto kwa caka cimeneco zipata zisanu ndi cimodzi zija zinali cotsekera, ndipo pa makina 6 opangira magetsi ku mbali ya Zambia, amodzi okha ndiwo anali kuzungulira.