Mnyamata wa ku dambo m'masiku a Wenela

Sabata ino tiyeni tibwerere m'mbuyo zaka zoposa 50, tikaone ubwana wa mnyamata wina wa kumudzi. Mnyamatayo ndi bambo anga, amene anabadwa mu 1962 m'mudzi wina wa m'mphepete mwa mtsinje wa Linthipe ku Dedza. Zambiri zimene ndalemba pano ndinazimva kwa iwo eni tikuotha moto.

Akayamba kusimba, amayambira ku dambo. Dzuwa lisanatuluke ankatsekula khola nkulondola ng'ombe za atsibweni awo, mame akuwanyowetsa mpaka m'mawondo. Kudamboko anyamata ankaumba ng'ombe zadothi nkumazimenyanitsa, ankalasa mbalame ndi legeni, ndipo njala ikawawa ankatola masuku. Anthu akakolola, iwo ankakumba mbewa m'minda. Madzulo ankamvera nthano kwa agogo aakazi, kenaka nkukagona kumphala ndi anzawo, onse pa mphasa imodzi. Munthu ukamva zotere umalakalaka ukanabadwa nthawi imeneyo.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Nanga bambo anu anali kuti pamene inu munkaweta ng'ombe za atsibweni?" Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Anali ku Joni."

Yankho limeneli lili ndi mbiri yaitali. M'zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda linakhazikitsa msonkho wa nyumba, pamene kumudzi ndalama zinali zosowa. Motero amuna anayamba kupita kutali kukazifuna. Bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene anthu ankangolitchula kuti Wenela, linkalemba amuna opita ku migodi ya golide ya ku South Africa. Ena ankatengedwa ndi Mthandizi kupita ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe. Dziko litalandira ufulu mu 1964 maulendowa anapitirira, ndipo anachuluka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Ambiri ankabwerera patapita zaka ziwiri atanyamula bulangete, wayilesi kapena njinga. Ena sankabweranso, ndipo amenewo ndiwo ankatchedwa matchona.

Agogo anga aamuna anali mmodzi mwa amuna amenewa. Kuchoka kwawo ndiko kunachititsa kuti mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri azigwira ntchito za munthu wamkulu: kuweta, kulima ndi amayi ake, kulondera nyani kumunda. Komanso kuchoka komweko ndiko kunamutsekulira khomo la sukulu. Masiku amenewo sukulu ya pulayimale inali yolipira. Mwana ankayamba sukulu akatha kugwira khutu podutsitsa mkono pamwamba pa mutu, koma kugwira khutu kokha sikunali kokwanira popanda fizi. Ndalama ya ku Joni ikafika, bambo anga ankapita kukalasi. Ikachedwa, ankabwerera ku dambo.

Mu April 1974, ndege ya Wenela imene inanyamula amuna obwerera kwawo inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 anafa. Bambo anga anali ndi zaka 12. Amakumbukira kuti mudzi wonse unasonkhana pakhomo pomwe panali wayilesi, ndipo amayi awo anatha masiku angapo osadya bwino, posadziwa ngati amuna awo anali m'ndegemo. Kalata itafika yonena kuti ali moyo, pakhomo panamveka nthungululu.

Ngoziyo itachitika, Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita ku migodi, ndipo amuna zikwizikwi anabwerera kumudzi. Agogo anafika mu 1975. Banja linakondwa zedi, koma ndalama ya fizi inathera pomwepo. Bambo anga analekezera Sitandade 6. Mpaka lero amanena kuti chaka chimene anapeza bambo awo ndicho chaka chimene anataya sukulu, ndipo sadziwa kuti alire chiti kapena athokoze chiti. Kulemba anthu kunayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma opita anali ochepa, ndipo kunatheratu mu 1988.

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale, ndipo ana olembetsa anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ine ndinayamba Sitandade 1 patapita zaka ziwiri. Tinkaphunzirira pansi pa mtengo, titathithikana, tikulemba padothi ndi chala. Tsiku loyamba bambo anandiperekeza okha, ndipo anaima patali nthawi yaitali akutiyang'ana. Pa nthawiyo sindinamvetse chifukwa chake.

Anzanga, akulu akamati kale kunkakoma sakunama, pakuti dambo, nthano ndi mphala zinaumba anthu olimba ndi odziwa kugawana. Koma ana amenewo anakula akuyang'ana kumsewu, kudikira bambo ndi kalata. Nkhaniyi sinathe. Lero lino achinyamata ambiri akukwera mabasi opita ku Johannesburg ndi ku Cape Town, nkusiya ana m'manja mwa agogo. Ena mwa inu mukuganizira ulendo womwewo. Sindikuweruzani, popeza umphawi umene unathamangitsa agogo athu tikuudziwa tonse. Ndikungopempha kuti powerengera ndalama ya ulendo muwerengerenso mwana amene atsale pakhomo.

Sabata ino pezani nthawi yokhala pansi ndi bambo, atsibweni kapena agogo anu. Akakusimbirani za masuku ndi mbewa, mvetserani bwino, kenaka muwafunse kuti makolo awo anali kuti ndipo fizi ankalipira ndani. Paja mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Tikumananso sabata yamawa.