Kawaya Kofera Anzake: Mbiri ya Fyuzi ya pa Mapolo a Magetsi

Bambo Mkonzi akhala akutidandaulira ife ophunzira akale kuti tizitumizako nkhani zophunzitsa, osati za maukwati ndi kukwezedwa pantchito zokha ayi. Ine ndasankha kanthu kakang'ono komwe tonse timakadutsa osakaponyera ndi diso lomwe. Mukafika pa transifoma ya pamapolo, kaya ndi ku Ndirande, ku Area 25 kapena pamsika wa kumudzi kwanu, kwezani maso. Pamwamba pake mudzaona timachubu titatu topendekeka. Amenewo ndi mafyuzi. Tsiku lina magetsi akathima m'dera lanu lokha, kayang'aneninso: kawirikawiri mudzapeza kamodzi kakulendewera chozondoka.

Tonse tinaiphunzira fyuzi m'kalasi ya sayansi. Tinaloweza kuti ndi kawaya kowonda komwe kamasungunuka magetsi akachuluka, ndipo yankho limeneli linatipatsa malikisi pa mayeso. Yankholi ndi lokwanira pa pulagi ya ayironi, yomwe imalandira mavolti 230. Koma pa nthambo za mavolti 11,000 kapena 33,000 ndi theka chabe la nkhani. Kusungunula waya n'kosavuta. Chomwe chinasowetsa tulo mainjiniya kwa zaka zambirimbiri ndi moto womwe umabadwa wayayo akangoduka.

Nzeru yoteteza zipangizo ndi waya wofooka ndi yakale kuposa babu la magetsi. M'chaka cha 1847, Louis Breguet wa ku France analangiza kuti polowera m'nyumba za telegalafu aziikapo kawaya kowonda kwambiri, kuti mphenzi ikagwera nthambo, kapse kawayako m'malo mwa makina. Thomas Edison anatsata nzeru yomweyo pofuna kuwunikira mzinda wa New York. Siteshoni yake ya Pearl Street inatsegulidwa mu 1882, ndipo nthambo za magetsi ake zinkatetezedwa ndi tizidutswa ta chitsulo chosachedwa kusungunuka monga mtovu. Maziko a zonsezi ndi lamulo lija la James Joule, loti magetsi oyenda m'waya akawirikiza kawiri kutentha kumawirikiza kanayi, akawirikiza kakhumi kutentha kumawirikiza ka 100. N'chifukwa chake kawaya komwe kakhala chete zaka khumi kamatha m'kuphethira kwa diso pakachitika shoti.

Magetsi a Edison anali a mavolti 110 okha, ndipo magetsi otere sapita patali: amathera m'njira potenthetsa nthambo. Kuti afike kutali pamafunika mavolti ambiri. Pofika 1891, siteshoni ya Deptford yomwe anamanga Sebastian de Ferranti inkatumiza magetsi a mavolti 10,000 m'katikati mwa London, ndipo chaka chomwecho ku Germany anayendetsa magetsi makilomita 175 kuchoka ku Lauffen kukafika ku Frankfurt. Apa m'pomwe kawaya ka poyera kanaonekera kuperewera kwake.

Chimachitika ndi ichi. Waya akasungunuka, pamatsala mpata wodzaza ndi nthunzi yotentha ya chitsulo. Ngati mavolti ndi ochepa, mpatawo ngwokwanira ndipo magetsi amaima. Ngati ndi ambiri, magetsi amangolumpha mpatawo kudzera mu nthunzi ija, n'kupanga lawi longa lomwe timaliona pa ndodo ya mmisiri wowotcherera zitseko, lomwe limasungunula chitsulo ngati phula. Pamene lawilo likuyaka, magetsi sanaduke. Waya kulibe, koma shoti ikupitirirabe, transifoma ikupsabe, ndipo chitsulo chosungunuka chikuthothokera pansi. Mwayi ndi umodzi. Magetsi omwe timagwiritsa ntchito amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi, motero amafika pa ziro ka 100 pa sekondi iliyonse. Pa kamphindi kameneko lawi limazima lokha, koma limayakanso nthawi yomweyo ngati mpata uja ukadali wotentha. Tsono ntchito yonse ya wokonza fyuzi yagona pa kuziziritsa ndi kuyeretsa mpatawo lawi lisanadzukenso, ndipo ntchitoyi saigwira ndi waya ayi, koma chomwe chamukuta wayayo.

Woyamba kudziwika ndi ganizo lomutsekera waya m'chubu chodzaza ndi ufa ndi William Mordey, injiniya wa kampani ya Brush ku England. Mu 1890 analembetsa luso lake la kawaya ka mkuwa koikidwa m'chubu cha galasi chodzaza ndi ufa wosayendetsa magetsi, monga choko, mwala wopera kapena mchenga. Ufawo unkayamwa kutentha ndi kumwaza nthunzi ya chitsulo. Ganizoli linali lolondola, kungoti panapita zaka zambiri anthu asanadziwe mchenga woyenera ndi kaumbidwe koyenera ka waya kuti lithandize pa mavolti ambiri. Tibwereranso kwa iye.

Ku America anayamba ayesa njira ina. Mu 1909, mainjiniya awiri a kampani ya magetsi ya Commonwealth Edison ku Chicago, Edmund Schweitzer ndi Nicholas Conrad, anakonza fyuzi ya madzi. Anatenga chubu cha galasi, n'kuikamo kawaya kafupi komwe kankagwira sipuling'i yokokedwa, kenaka n'kudzazamo mankhwala a madzimadzi otchedwa carbon tetrachloride, omwe masiku amenewo ankagwiritsidwanso ntchito pozimitsa moto. Kawaya kakasungunuka, sipuling'i inkabwerera mwamphamvu n'kutalikitsa mpata, uku mankhwala aja akuthiridwa pa lawi. Mu 1911 awiriwa anakhazikitsa kampani yawo, yomwe inadzatchedwa S&C Electric. Fyuzi imeneyi inatumikira zaka zambiri, ndipo popeza chubu chinali cha galasi, munthu ankaona ndi maso kuti yapsa. Koma mankhwalawo anali ndi mlandu wawo. Amawononga chiwindi, akatenthedwa amatulutsa mpweya wa poizoni, ndipo pambuyo pake anapezeka kuti amawononga ozone wa mumlengalenga, kotero kuti mu 1990 maiko anawaika pa mndandanda wa mankhwala oyenera kuthetsedwa pansi pa pangano la Montreal.

Timachubu ta pamapolo athu tija ndi ta mtundu wachitatu, ndipo kwa ine ndiwo wochenjera kuposa yonse, chifukwa umagwiritsa ntchito lawi lomwelo kudzizimitsa lokha. M'kati mwa chubu amamatamo chikopa cholimba chopangidwa ndi ulusi wa zomera. Lawi likachiwamba, chimatulutsa mpweya wambiri mwadzidzidzi, ndipo mpweyawo umathamangira kukamwa kwa chubu n'kukankhira kunja nthunzi yotentha ija. Magetsi akafika pa ziro, lawi limapeza mpata wayera, osayakanso. Kuphulika konga kwa mfuti komwe anthu amakumva pa transifoma magetsi asanathime nthawi zambiri kumakhala kumeneku. Anthu amati transifoma yaphulika, pamene kwenikweni yapulumuka. M'zaka za m'ma 1930 mainjiniya a Westinghouse anawonjezera luso pa njirayi poika boric acid m'chubu. Mankhwala amenewa akatenthedwa amatulutsa nthunzi ya madzi, yomwe imazimitsa lawi bwino ndiponso ingathe kuziziritsidwa kuti isatuluke mwaukali, motero fyuzi yotere ikhoza kuikidwa ndi m'nyumba momwe.

Kulendewera kuja nakonso si ngozi. Kawaya ka m'chubu ndi komwe kamamanga loko wa kumunsi. Kakaduka, loko amamasuka, mutu wa chubu umachoka pomwe unakola, ndipo chubu chimagwa n'kutsala chikulendewera pa hinjesi. Pamenepo pamakhala mpata waukulu wa mphepo womwe magetsi sangaulumphe, komanso wogwira ntchito amaona ali pansi kuti yapsa ndi iti. Amachitsitsa ndi ndodo yaitali yosayendetsa magetsi, kuikamo kawaya katsopano, n'kuchikankhiranso m'malo mwake. Chubu chomwecho chimagwira ntchito kangapo.

Tibwerere ku mchenga wa Mordey, womwe unadzakhwima m'zaka za pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu. Fyuzi ya mchenga ya masiku ano ndi chubu chadothi lowotcha, chotsekedwa kwathunthu, chodzaza ndi mchenga woyera wa quartz wosefedwa kuti timiyala tifanane kukula. M'kati mulibe waya mmodzi, koma timalamba tingapo ta siliva topyapyala, tokulungidwa mozungulira kuti titalike, ndipo kalamba kalikonse kali ndi makosi owonda ambirimbiri. Pakachitika shoti yaikulu, makosi onsewo amasungunuka pamodzi. M'malo mwa lawi limodzi lalitali pamabadwa timalawi tambiri tatifupi tondondozana, ndipo kalikonse kamapanikizidwa ndi mchenga womwe ukumwa kutentha kwake. Mchenga umasungunuka n'kuuma ngati galasi, monga umachitira mphenzi ikagwa pa mchenga wa kunyanja. Zonsezi zimatha gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi lisanakwane. Fyuzi imeneyi siyembekezera kuti magetsi afike pa ziro: imawatsamwitsa asanafike pachimake. Palibe phokoso, palibe moto wotuluka. Ndiyo imakhala m'mabokosi achitsulo a m'mizinda, ndipo ambiri mwa mafyuzi otere ali ndi kamsomali komwe kamatumphuka fyuzi ikapsa, n'kugunda switchi kuti nthambo zonse zitatu zizime pamodzi.

Chodabwitsa, chomwe m'kalasi sitikanachiganizira, n'chakuti fyuzi ya mchenga imavutika ndi vuto laling'ono kuposa lalikulu. Siliva amasungunuka pa madigiri 962. Magetsi akangopitirira muyezo pang'ono, fyuzi imatentha kwa nthawi yaitali osaduka, mpaka chubu chikhoza kusweka. Ndipo ikaduka, imaduka pa khosi limodzi, n'kusiya lawi limodzi lomwe mchenga umalephera kulizimitsa msanga. Mu 1939, A. W. Metcalf wa ku Britain anafalitsa njira yochepetsera vuto la kutenthali. Anaonetsa kuti kadontho ka chitsulo chosachedwa kusungunuka, monga tini yemwe amasungunuka pa madigiri 232, kakaikidwa pa siliva, kamasungunuka msanga n'kuyamba kudya silivayo mpaka kumudula asanatenthe kwambiri. Komabe mpaka lero mafyuzi ambiri a mchenga amalembedwa muyezo wa magetsi ochepetsetsa omwe angawadule bwinobwino. Fyuzi ya pamapolo ili ndi khalidwe losiyana: vuto laling'ono imalithetsa mosavuta, koma shoti ikakula kupyola mphamvu yake, chubu chimaphulika. N'chifukwa chake m'malo ena amaziika ziwirizi mondondozana kuti zithandizane.

Kuno kwathu nkhaniyi inakula pamodzi ndi magetsi a mu mtsinje wa Shire. Siteshoni ya Nkula A inayamba kugwira ntchito mu 1966, kenaka Tedzani mu 1973 ndi Kapichira mu 2000. Nthambo zikuluzikulu za mavolti 66,000 ndi 132,000 zimatetezedwa ndi makina odula magetsi oyendetsedwa ndi zipangizo zoyezera, omwe ndi okwera mtengo ndipo amafuna akatswiri owasamalira. Makina otere sungawaike pa transifoma iliyonse ya pachigayo, pachipatala chaching'ono kapena pasukulu ya kumudzi. Pa nthambo za mavolti 33,000 ndi 11,000, zomwe zimayenda mitunda yaitali m'tchire momwe muli mphenzi, nthambi za mitengo ndi mbalame, mlonda wa transifoma ndi timachubu titatu tija. Timachititsanso kuti vuto la pa transifoma imodzi lithere pomwepo, osathimitsa boma lonse.

Kusankha kawaya koikamo si nkhani yongoyerekeza. Transifoma ikamayatsidwa imakoka magetsi ochuluka mwina kakhumi kuposa a nthawi zonse kwa kamphindi kochepa, ndipo fyuzi iyenera kupirira zimenezi osaduka. Iyeneranso kuduka msanga kuposa chitetezo cha kumtunda kwake. Pa chifukwa chimenechi timawaya timeneti tili ndi miyezo yolembedwa pamutu pake, nambala ya kuchuluka kwa magetsi ndi chilembo cha liwiro, K ya kofulumira ndi T ya kochedwerapo. Ife ogwira ntchito m'boma tinazolowera kuyang'ana mtengo wotsika pogula katundu, ndipo n'kovuta kumufotokozera wowerengera ndalama chifukwa chogulira chinthu chabwino chomwe ntchito yake ndi kupsa. Koma choopsa koposa ndi chizolowezi chomangapo waya wamba wamkuwa fyuzi ikamapsa kawirikawiri, kaya ndi m'nyumba kaya ndi pa pholo. Fyuzi yopsa kawirikawiri ikunena kuti transifoma yalemedwa kapena pena pake pali shoti. Waya wokhuthala sachotsa vutolo. Amangolisamutsira m'kati mwa transifoma. Kawaya kakapsa, magetsi amabwerera tsiku lomwelo kapena mawa lake. Transifoma ikapsa, anthu a m'dera amawerenga masabata kapena miyezi, chigayo chili chete ndipo firiji ya katemera kuchipatala yazima.

Ngakhale fyuzi ya pamapolo yoikidwa bwino ili ndi chilema chomwe okonza ake sanachithetse: imalavulira pansi mpweya wotentha ndi timbaliwali ta chitsulo. Kumaiko a tchire louma ili ndi vuto lalikulu. Ku California, lamulo limakakamiza eni nthambo za m'madera a nkhalango ndi udzu kulambula mamita pafupifupi atatu kuzungulira pholo lililonse lomwe lanyamula fyuzi, switchi kapena transifoma, ndipo makampani a magetsi kumeneko akhala akuchotsa mafyuzi olavula moto m'madera oopsa n'kuikamo otsekedwa. Nanunso mukadzakweza maso kuyang'ana timachubu tija mwezi wa Okutobala, mudzayang'anenso pansi kuti muone udzu womwe uli patsinde pa pholo.